UNDUNA WA AMAYI: MPHATSO KAPENA MANGAWA?

Pakati pa maunduna a boma la Malawi pali umodzi umene dzina lake silikhazikika. Udayamba kudziwika kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 ngati unduna woona za amayi, ana ndi ntchito zotukula anthu m'midzi. Kuchokera apo dzinali lakhala likusinthasintha. Boma lina lidawonjezamo achinyamata, lina olumala ndi okalamba, lina lidachotsamo mawu oti "amayi" ndi kuikamo mawu obwereka oti "jenda." Anthu wamba sadatekeseke ndi maina onsewa. Kwa iwo ndi unduna wa amayi basi, ndipo m'nkhani ino tiutchula motero.

Anyamata ambiri akamva za undunawu amafunsa kuti, "Nanga unduna wa abambo uli kuti?" Ena amafunsa monyoza, ena mofuna kudziwa. Funsoli si lovuta kuliyankha. Kuyambira kale malamulo a dziko lino akhala akupangidwa ndi abambo, ndalama za boma kugawidwa ndi abambo, milandu yambiri kuweruzidwa ndi abambo. Sipadafunike ofesi yapadera yokumbutsa boma kuti kunja kuno kuli amuna. Amayi, amene ndi opitirira theka la anthu a m'dziko muno, amenenso amagwira gawo lalikulu la ntchito ya kumunda, ndiwo ankaiwalika pogawa.

Funso lovuta ndi lina. Boma likakhazikitsa unduna wotere, kodi likupereka mphatso kwa amayi kapena likubweza mangawa? Mwina wina anganene kuti zonsezi n'chimodzimodzi, pakuti ponseponse pali wopereka ndi wolandira. Komatu taonani kusiyana kwake. Wolandira mphatso amagwada, nawomba m'manja, nathokoza. Ikachepa sadandaula, chifukwa sadaikhetsere thukuta, ndipo ikaleka kubwera alibe kokasuma. Wolandira mangawa ndi wina. Iye amawerenga zimene wapatsidwa, ndipo zikaperewera amafunsa zotsalazo popanda manyazi. Zimene boma limachitira amayi zikhoza kukhala zofanana m'maonekedwe, koma ulemu wa mayi wolandirayo umadalira pa yankho la funso limeneli.

Kuti timvetse m'mene nkhaniyi idayendera m'dziko muno tiyenera kuyambira kumudzi. Pa chikhalidwe cha Achewa ndi mitundu ina imene imatsata mtundu wa kuchikazi, mwamuna amakhala ndi mbumba yake, ndiye kuti alongo ake pamodzi ndi ana awo. Iye ndiye nkhoswe yawo. Amawaimira pamilandu, amakamba nawo za maukwati awo, amathamanga pakagwa matenda kapena maliro, ndipo mphwake akapalamula, chindapusa chimamufuna iyeyo. Tsono chimene ambiri amaiwala n'chakuti unkhoswe sudali ufumu wongolamula. Udali katundu amene munthu ankabadwa naye. Mudzi ndi minda zinkayendera mwa amayi. Nkhoswe ikakhala yaulesi kapena yankhanza, ntchembere zinkakhala pansi ndi kuidzudzula, ndipo zinthu zikafika poipa mbumba inkatha kusamuka ndi mlongo wina kukamanga mudzi watsopano. Ngakhale posankha wolowa ufumu, mawu a ntchembere sankanyozedwa. Mlongo sankavinira mlongo wake chifukwa chomuimira pabwalo. Unali udindo wake, ndipo akalephera ankachita manyazi ndi iyeyo.

Dr. Hastings Kamuzu Banda ankaudziwa bwino mwambo umenewu. Akali ku Britain adathandizana ndi T. Cullen Young kukonza buku lotchedwa Our African Way of Life, limene lidatuluka m'chaka cha 1946, ndipo nkhani ya mbumba ndi nkhoswe ilimo. Atabwerera kwawo m'chaka cha 1958 ndi kutenga utsogoleri, adautenga mwambowu naukuza kuti ukwane dziko lonse. Amayi onse a m'Malawi, a ku Chitipa ngakhale a ku Nsanje, otsata kuchikazi ngakhale olowola, adasanduka mbumba yake, ndipo iye adakhala Nkhoswe Nambala Wani. Tiyenera kunena zoona pano. Amayi ambiri adamva kukoma kutchulidwa ndi mtsogoleri wa dziko pamaso pa amuna awo. Amuna ena adaleka kukweza dzanja poopa kuti nkhani ingakafike kuchipani. Amayi ena adamangiridwa nyumba. Zimenezi sizinali zabodza, ndipo agogo anu ena amazikumbukira mpaka lero ndi mtima wothokoza.

Koma pokuza mwambowo chinthu chimodzi chidatsala kumudzi. Chinthucho ndi mphamvu ya mbumba yodzudzula nkhoswe. Umboni wake ndi Mayi Rose Chibambo. Mayiyu ndiye adasonkhanitsa amayi m'chipani cha Congress pa nthawi yolimbana ndi chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland. M'chaka cha 1959 atsamunda adamutsekera m'ndende ku Zomba atangobereka kumene, khanda lili kumanja. M'chaka cha 1964 adali phungu wa Nyumba ya Malamulo ndiponso wachiwiri kwa nduna. Koma pa mkangano wa nduna wa mu Seputembala chaka chomwecho, pamene adaoneka kuti ali mbali ya amene ankatsutsa zina mwa zochita za mtsogoleri, adachotsedwa paudindo, ndipo pambuyo pake adathawira ku Zambia kumene adakhala zaka pafupifupi 30. Mayi Vera Chirwa, loya woyamba wamkazi wa dziko lino, adagwidwa m'chaka cha 1981 natuluka m'ndende mu 1993. Onsewa adali mbumba. Nkhope ya Mayi Chibambo tikuiona lero pa ndalama ya K200, koma m'masiku amenewo dzina lake silinkatchulidwa mokweza. Amayi otsala adaphunzirapo phunziro: malo awo ndi pabwalo, atavala nsalu ya nkhope ya Ngwazi, akuvina chimtali ndi chioda. Ndipo m'chaka cha 1973 kudabwera lamulo la kavalidwe loletsa akazi kuvala thalauza kapena siketi yosafika m'mawondo. Palibe amene adayenda m'midzi kufunsa amayiwo maganizo awo.

Pamene izi zinkachitika kuno, kunja kunkaomba mphepo ina. Bungwe la United Nations lidachititsa msonkhano waukulu wa amayi ku Mexico City m'chaka cha 1975, ndipo lidapatula zaka khumi zotsatira kuti zikhale za amayi. Maiko adalimbikitsidwa kukhazikitsa maofesi apadera oona za amayi m'maboma awo. Malawi adakhazikitsa komiti yaikulu yoona za amayi pachitukuko m'chaka cha 1984, ndipo mu 1987 adavomereza pangano la maiko onse lothetsa tsankho kwa akazi. Pakati pa zaka ziwirizi, mu 1985, mudabadwa bungwe la Chitukuko Cha Amayi m'Malawi, limene mlangizi wake wamkulu adali Mama Cecilia Tamanda Kadzamira. Bungweli linkalima minda, kusoka, kusonkhetsa ndalama ndi kupereka thandizo m'zipatala ndi kwa osowa. Ena ankaliyamikira. Ena ankang'ung'udza chamumtima kuti otsogolera ndi akazi a mabwana, pomwe ogwira khasu ndi amayi osauka, ndiponso kuti kulekanitsa bungweli ndi chipani kudali kovuta ngati kulekanitsa mchere ndi ndiwo zophikaphika.

Motero unduna wa amayi udabadwa ndi makolo awiri. Kholo limodzi lidali misonkhano ya kunja imene inkalankhula za ufulu. Kholo lina lidali ndale za kuno zimene zinkalankhula za mbumba yosamalidwa. Mwana amatengera uku ndi uku, ndipo ine ndikuona kuti undunawu wakhala ukukokedwa ndi magazi awiriwa kufikira lero.

Titavota pa riferendamu ya 1993 ndi pa chisankho cha 1994, ambiri adaganiza kuti zovina zatha. Sizidathe. Chimene chidasintha ndi mtundu wa nsalu. Pamene padali nsalu imodzi padabwera yachikasu, pambuyo pake yabuluu, ndiponso yalalanje. Nkhoswe zidangochuluka. Apa ndisanamizire amayi ovinawo, pakuti kuwanyoza n'kosavuta kwa munthu wokhuta. Chitenje cha chipani ndi chitenje ndithu: chimabereka mwana, chimafunditsa usiku wa mu Juni. Kandalama kolandira pamsonkhano kamagula mchere ndi sopo. Ndipo alipo amayi amene amavina chifukwa chokonda chipani chawo ndi mtima wonse, monga bambo amene amakuwa m'bwalo la mpira. Kuvina si tchimo. Mlandu uli ndi okhala pansanja. Iwo amadziwa kuti mayi amene wazolowera kuthokoza sadzafunsa chifukwa chake kuchipatala kulibe mankhwala. Munthu ukamupatsa mwa mphatso chinthu chimene chili chake kale, wamubera kawiri: wamubera ulemu, wamuberanso pakamwa.

Nanga undunawo wachitapo chiyani? Ntchito zake zina n'zooneka ndi maso m'midzi. Alangizi a chitukuko, ambiri mwa iwo ophunzitsidwa ku Magomero, akhalapo pansi pa unduna umenewu. Sukulu za kwacha, kumene amayi ambiri adaphunzirira kulemba maina awo atakula kale, zakhala pansi pake. Chimodzimodzinso sukulu za mkombaphala, ndiponso ndalama za Mtukula Pakhomo zimene zidayambira ku Mchinji m'chaka cha 2006. Zonsezi n'zabwino. Koma pa funso lathu lija, ntchito yaikulu koposa ndi imene siioneka ndi maso, ndiyo ya malamulo.

Malamulo oyendetsera dziko a 1994, m'gawo 24, adanena poyera kuti mkazi ali ndi ufulu wotetezedwa ndi lamulo mofanana ndi mwamuna, wokhala ndi katundu wakewake, ndi wolandira gawo loyenera banja likatha. Amenewo adali maziko chabe. Pamwamba pake padamangidwa lamulo loletsa nkhanza za m'banja la 2006, limene lidadutsa m'Nyumba ya Malamulo pamene nduna ya undunawu adali Mayi Joyce Banda. Mu 2011 mudabwera lamulo latsopano la chuma cha masiye, limene limati kulanda katundu wa mkazi wamasiye ndi ana ake ndi mlandu. Mu 2013 mudabwera lamulo loti pasakhale kusiyana pakati pa amuna ndi akazi. Mu 2015 lamulo la maukwati lidaika zaka 18 ngati msinkhu wokwatira kapena kukwatiwa, ndipo mu 2017 aphungu adasintha malamulo oyendetsera dziko, amene kufikira nthawi imeneyo ankalola mwana wa zaka 15 kulowa m'banja makolo akavomera. Unduna sudachite izi wokha. Mabungwe omwe si aboma, maloya, mafumu ndi atsikana eni ake adakankha nawo kwa zaka zambiri.

Kuti muone kulemera kwa lamulo limodzi mwa amenewa, ndikuuzeni zimene ndidaona pa sukulu ina imene ndinkaphunzitsa m'zaka za m'ma 1980. Mphunzitsi mnzathu adamwalira mwadzidzidzi. Tisadachotse n'komwe masamba a maliro pamsewu, abale ake adafika ndi galimoto. Adanyamula mipando, wailesi, njinga, makina osokera amene mkaziyo adagula ndi ndalama zake za zitumbuwa, ngakhale mabulangete a ana. Ife tidaima chapatali tikuyang'ana, ndipo akuluakulu adati ndi za pabanja. Amayi a mpingo adasonkha ufa ndi nsalu kumupatsa wamasiyeyo, iye nagwada kuthokoza. Adachita bwino amayi aja. Koma makina osokera sadabwerere. Mwana wake wamkazi, amene adali wanzeru m'kalasi langa, sadamalize Sitandade 7. Lero zoterezi zikuchitikabe m'malo ena, sindikana. Kusiyana kwake n'kwakuti mkazi wa lero akhoza kupita kwa majisitireti, osati kukapempha chifundo, koma kukatchula chake. Ndipo lamulolo silifunsa ngati iye amavala nsalu ya chipani cholamula. Mayi Joyce Banda adachoka mu undunawu mu 2006, adakhala mtsogoleri wa dziko mu 2012, nachoka mu 2014, koma lamulo la nkhanza za m'banja lidatsala. Nyumba yomangiridwa ndi nkhoswe imadikira moyo wa nkhosweyo. Lamulo limamanga ngakhale amene adalisayina.

Komabe tisafulumire kuimba nthungululu. Otsutsa undunawu ali ndi mfundo zimene munthu woganiza sangazikankhire kumbali.

Yoyamba n'njakuti unduna wa amayi ukhoza kusanduka nkhokwe yotayiramo zonse zimene maunduna ena safuna kuziganizira. Mayi akamwalira pobereka chifukwa ambulansi idalibe mafuta, imeneyo ndi nkhani ya unduna wa zaumoyo. Mtsikana akasiya sukulu chifukwa palibe chimbudzi choyenera kapena chifukwa sekondale ili kutali, ndi nkhani ya unduna wa zamaphunziro. Makuponi a feteleza akalembedwa m'dzina la bambo amene ali ku Joni pomwe wolima ndi mayi, ndi nkhani ya unduna wa zamalimidwe. Maunduna amenewa ndiwo amalandira ndalama zochuluka pa bajeti. Unduna wa amayi umalandira kachigawo kochepa, ndipo ntchito zake zambiri zimadalira thandizo la maiko akunja. Tsono mabwana a maunduna akuluakuluwo akamva liwu loti "mayi" amaloza chala kuti, "Pitani kwa a jenda." Liwu la jendalo nalonso lidasokonekera panjira. Ambiri akaona mkazi akuyendetsa basi kapena akukumba nawo manda amaseka nati, "Ndi jenda imeneyo," ngati kuti nkhani yonse ndi yakuti akazi azichita zachimuna. Choncho unduna umene udakhazikitsidwa kuti amayi asaiwalike ukhoza kukhala njira yowaiwalira mwaulemu.

Mfundo ina ndi yakuti lamulo lolembedwa silisintha mtima tsiku limodzi. Lamulo la kavalidwe lija lidachotsedwa pa nthawi ya kusintha kwa ndale, koma mu Januwale 2012 anyamata ena ogulitsa malonda m'misewu ya Lilongwe ndi Blantyre adavula akazi ovala mathalauza masana dzuwa likuswa mtengo. Kampeni ya 50-50 yofuna kuchulukitsa aphungu aakazi idayendetsedwa ndi undunawu, ndipo mu 2009 amayi 43 adapambana mwa aphungu 193. Koma mu 2014, mtsogoleri wa dziko ali mayi, chiwerengerocho chidatsika kufika pa 32. Ndipo pa nkhani ya maukwati a ana, dzina limene dziko lonse lapansi lidamva si la nduna, koma la Inkosi Kachindamoto ya ku Dedza, mayi amene adathetsa mazanamazana a maukwati otere nabwezera ana kusukulu, pogwiritsa ntchito mphamvu za ufumu ndi kuimitsa mafumu aang'ono osamvera.

Mfundo yolemera kuposa zonse ndi iyi. Nduna imasankhidwa ndi mtsogoleri wa dziko, ndipo iye akhoza kuichotsa m'mawa uliwonse. Kawirikawiri nduna ya amayi imakhalanso munthu wamkulu m'chipani cholamula. Nanga wolakwira amayi akakhala boma lenilenilo, ndunayo iyang'ana kuti? Mu Okutobala 2019 amayi ndi atsikana a kwa Msundwe ndi madera oyandikana nawo m'boma la Lilongwe adadandaula kuti apolisi ena adawachita zachipongwe ndi kuwagwiririra pa nthawi ya zipolowe. Amene adatengera nkhaniyo kubwalo lalikulu la milandu ndi bungwe la maloya aakazi, ndipo mu Ogasiti 2020 bwalolo lidalamula kuti amayi 18 alipidwe chipepeso. Nkhani imeneyi ikutiphunzitsa malire a unduna uliwonse. Ofesi ya boma singakhale m'malo mwa pakamwa pa amayi eni ake, mabwalo a milandu oima paokha, ndi nyuzipepala zosaopa.

Kodi tsono undunawu uthetsedwe? Ine ndikuti ayi. Mfundo zitatuzi zikusonyeza kuti unduna pawokha sukwanira, koma sizikusonyeza kuti ndi wachabe. Pamene nduna zakhala pansi kugawana chuma cha dziko, n'kofunika kuti pakhale mpando umodzi umene mwini wake adzafunsidwa kuti, "Inu mudanenapo chiyani za amayi?" Popanda mpando umenewo mlandu umakhala wa aliyense, ndipo mlandu wa aliyense sukhala ndi mwini. Chimene tiyenera kusintha ndi muyeso umene timauyezera. Tisamawerenge mabulangete amene nduna yagawa pamaso pa makamera, kapena kuchuluka kwa amayi amene adabwera pa chikondwerero cha pa 8 Malichi. Tizifunsa kuti ndi malamulo angati amene afika m'Chichewa, m'Chitumbuka ndi m'Chiyao kwa mayi wa kumudzi. Ndi kangati pamene nduna ya amayi yabweza bajeti ya nduna inzake. Ndiponso ngati mayi wa chipani chotsutsa amalandira thandizo mofanana ndi mnzake. Nduna imene ikugawa katundu wogulidwa ndi misonkho ya anthu, nkumayembekezera kuti aivinire, yaiwala kuti mwini ndalamazo ndi yemwe wagwada patsogolo pakeyo. Mayi wogulitsa tomato amalipira chiphaso cha msika tsiku ndi tsiku, ndipo akagula sopo kapena mayunitsi a foni msonkho umakhala momwemo.

Inu amene mukuwerenga nkhani ino muli pafupi kuponya voti yanu yoyamba, ndipo ena mwa inu, anyamata ndi atsikana omwe, mudzagwira ntchito m'maofesi a ku Capital Hill. Mudzaona nokha kuti chizolowezi cha mphatso n'chokoma kwa onse awiri. Wopereka amamva ukulu, wolandira amapewa mkangano. Kufunsa mangawa kumadanitsa, ndipo mkazi wofunsa amapatsidwa maina: wamwano, wosalangizidwa, wofuna kukhala tambala. Maina omwewo adapatsidwa kwa amayi amene tawatchula poyamba paja.

Komatu ofunsa alipo, ndipo akuchuluka. Lamulo la 2013 lija, m'gawo 11, limati polemba anthu ntchito za boma, amuna kapena akazi asachepere 40 pa 100 aliwonse, ndiponso asapitirire 60. M'chaka cha 2020 boma latsopano litatulutsa maina a anthu oyendetsa makampani ndi mabungwe a boma, magulu a amayi adatenga mndandandawo nawerenga dzina limodzilimodzi. Adapeza kuti m'mabungwe ambiri akazi sadafike pa chiwerengero chimene lamulo limanena. Mu Okutobala chaka chomwecho adayenda m'misewu ya m'mizinda kukapereka madandaulo awo kwa akuluakulu a boma, ndipo pakati pa oyendawo padali amayi amene miyezi inayi m'mbuyomo adavotera boma lomwelo.